Ngaka ili ndi lamulo, ngumbi zilibe ndi kalembera yemwe

Munthu akapezeka ndi ngaka m'thumba muno m'Malawi, lamulo loteteza nyama zakutchire, limene linakhwimitsidwa mu 2017, limapatsa khoti mphamvu yomutsekera zaka zofika 30, popanda zoti alipire chindapusa abwerere kwawo. Munthu yemweyo akapezeka ndi thumba lodzaza ngumbi, wapolisi wa pa rodibuloko amangotapako pang'ono n'kufunsa kuti kambale ndi zingati. Palibe amene angadabwe nazo, ndipo inenso sindikudandaula kuti wogulitsa ngumbi sanamangidwe. Koma zolengedwa ziwirizi zimakhala m'tchire limodzi, zimayendera nthaka imodzi, ndipo china chimadyako abale a chinzake. Tikaziika pamodzi n'kutsegula mabuku a akatswiri kuti tione pamene chilichonse chinalembedwa, tipeza kuti tsamba la ngaka ladzaza, la ngumbi lili mbee. Tsamba lopanda kanthulo n'limene likundivutitsa maganizo.

Amalawi ambiri ngaka anangoiona pa chithunzi cha m'nyuzipepala, itadzipinda pansi, pambali pake patakhala amuna awiri kapena atatu omangidwa maunyolo. Yamoyo, ikuyenda mwaufulu, ndi chinthu china. Imayendera miyendo yakumbuyo yokha, yakutsogolo itaipinda pachifuwa, mchira uli m'malere, mphuno ili pafupi ndi dothi, ngati gogo wowerama amene akufunafuna singano yomwe yamugwera. Ikanunkhiza chisa cha nyerere imafukula ndi zikhadabo zake zazitali, n'kulowetsamo lilime lalitali lomata, kulitulutsa, kulilowetsanso, mofulumira moti maso satha kulitsata. Mano ilibe ndi limodzi lomwe. Timiyala ndi mchenga zimene imameza pamodzi ndi nyererezo n'zimene zimaithandiza kupera chakudya m'mimba. Yaikulu imalemera makilogalamu 10 kapena kuposerapo, ndipo usana nthawi zambiri imagona m'mauna amene nyama zina zinakumba n'kuwasiya.

Mwana wasukulu mutamuonetsa chithunzi chake n'kumufunsa kuti ngaka ili m'gulu liti, anganene kuti ndi m'bale wa ng'azi kapena ng'ona, ndipo simungamunene kuti ndi mbuli. Mamba aja amanamiza. Koma ngaka siikira mazira. Imabereka mwana wamoyo, imamuyamwitsa, imamubereka pamsana cha kumchira, ndipo kumimba kwake kulibe mamba. Ndi nyama yoyamwitsa, ndipo pa nyama zonse zoyamwitsa ndi yokhayi imene inavala mamba otere. Mambawo anapangidwa ndi keratin, chinthu chomwecho chimene chimapanga zikhadabo zathu ndi tsitsi. Amene amawagula kutsidya kwa nyanja pa mtengo wokwera, poganiza kuti ndi mankhwala, akugula chinthu chimene amawenga n'kutaya sabata iliyonse kunyumba kwawo.

Akatswiri nawonso maso anawanamizapo. Kwa zaka zambiri ankaika ngaka m'gulu limodzi ndi nyama zodya nyerere za ku South America, chifukwa zonse zilibe mano, zili ndi malilime aatali ndi zikhadabo zokumbira. Zinaoneka zomveka, mpaka pamene anayamba kuyerekeza DNA. Apo zinapezeka kuti kufananako kunadza chifukwa cha chakudya chimodzi basi, magazi ndi osiyana. Lero ngaka ili ndi gulu lakelake lotchedwa Pholidota, ndipo achibale ake apafupi kwambiri ndi nyama zodya zinzake: mkango, fisi, kambuku, galu. Kanyama kamanyazi, kopanda dzino, ndi msuweni wa fisi. Mitundu yake yodziwika ndi 8, inayi ku Asia, inayi kuno ku Africa. Wathu uno, amene amapezekanso ku Zambia, Mozambique, Zimbabwe mpaka ku South Africa, amautchula Smutsia temminckii, ndipo unalembedwa m'mabuku a sayansi mu 1832.

Tibwere ku chulu. Ife kumudzi zamoyo timazigawa potengera zimene zimatichitira: ichi ndi ndiwo, ichi ndi chilombo. Mwa kagawidwe kameneka ngumbi ndi ndiwo zapamwamba, chiswe ndi mdani wodya nsichi, mphasa ndi mabuku a kusukulu. Chikhalirecho onse ndi ana a mayi mmodzi. M'kati mwa chulu muli manthu, amene thupi lake limatupa kufika masentimita 10, wosatha kuyenda, wotsekeredwa m'kachipinda ka dothi louma pamodzi ndi mwamuna wake, ntchito yake n'kuikira mazira masauzande ambiri tsiku lililonse kwa zaka zoposa 10. Mwa ana ake, ena ndi antchito, amene timawatcha chiswe tikawapeza pa mzati. Ena ndi agang'a a mitu yaikulu yofiira, oteteza mudzi. Ena, kamodzi pa chaka, amamera mapiko n'kudikira mvula yoyamba kuti akayambitse midzi yawo. Amenewo ndiye timawakazinga.

Kwa nthawi yaitali a sayansi ankapatsa chiswe gulu lakelake, Isoptera, ndipo anthu ambiri mpaka lero amachiyesa mtundu wa nyerere. Ubale umenewo palibe. Nyerere zili kumodzi ndi njuchi ndi mavu. Mu 2007 akatswiri atatu a ku Natural History Museum ya ku London, Daegan Inward, George Beccaloni ndi Paul Eggleton, atayerekeza DNA ya mitundu yambiri, anatsimikiza zimene ena ankaziganizira kale: chiswe ndi mphemvu. Osati msuweni wa mphemvu, koma mphemvu yeniyeni imene inaphunzira kukhala pa chiweniweni cha mudzi, ndipo tsopano chimalembedwa m'gulu la Blattodea pamodzi ndi zija zimathawira kuseri kwa kabati mukayatsa nyali. Umboni wina unalipo DNA isanabwere. M'mapiri a ku North America ndi ku China muli mphemvu zotchedwa Cryptocercus, zodya mitengo yowola, zimene zimalera ana awo m'banja ndipo m'matumbo mwawo muli tizamoyo tofanana ndi ta m'matumbo a mitundu ina ya chiswe. Nkhani imeneyi musaiyambitse pa nthawi ya nsima. Ine ngumbi sindinasiye, ndipo sindikuganiza zosiya.

Mitundu ya chiswe padziko lonse ilipo pafupifupi 3,000. Umene umatipatsa ngumbi zonona ndi wa gulu la Macrotermes, ndipo umenewu ndi mlimi. Sutha kugaya wokha udzu ndi nkhuni zimene umatuta, choncho umazitafuna n'kuziunjika m'zipinda za pansi, n'kudzalapo bowa wotchedwa Termitomyces. Bowayo akafewetsa zinyalalazo, chiswe chimadya. Chulu chonse chija, ndi timipata take, chimathandiza kuti munda wa pansiwo ukhale ndi mpweya ndi chinyezi choyenera. Mvula ikakhazikika, bowa yemweyo amaboola nthaka n'kutulukira kunja, amayi n'kukazula utale. Ku Zambia kuli mtundu wake wina, Termitomyces titanicus, umene chipewa chake chimatha kukula kufika mita imodzi, ndipo a sayansi anaulemba m'mabuku awo mu 1980 pomwe anthu a kumeneko anali ataudya kuyambira makolo. Ndiye kuti chulu chimodzi chimatipatsa ndiwo ziwiri pa dzinja limodzi.

Tsopano kalembera. Bungwe la IUCN, limene likulu lake lili ku Gland m'dziko la Switzerland, lakhala likusunga mndandanda wotchedwa Red List kuyambira 1964. Mtundu uliwonse wa chamoyo umene waunikidwa umaikidwa pa sitepe yake: umene ulibe vuto, umene wayandikira vuto, kenako masitepe atatu a chiopsezo, Vulnerable, Endangered ndi Critically Endangered, ndipo pamapeto pake umene unatheratu. Ngaka yathu ili pa Vulnerable, sitepe yoyamba ya chiopsezo, imene mwa zina imapatsidwa kwa nyama imene chiwerengero chake chikutsika ndi 30 pa 100 kapena kuposa m'mibadwo yake itatu. Abale ake atatu a ku Asia, ya ku China, ya ku Philippines ndi ya Sunda, ali pa sitepe yomaliza asanatheretu.

Zifukwa zake sizovuta kumva. Ngaka imabereka mwana mmodzi, kamodzi pa chaka, mwinanso kudumphitsa. Ikaopsezedwa sithawa, siluma, imangodzipinda mutu n'kuubisa pansi pa mchira. Mkango umaigubuduza, kuiluma, mano osalowa, mpaka kutopa n'kuchoka. Nzeru imeneyi inaisunga zaka mamiliyoni, koma kwa munthu wokhala ndi thumba ndiye yamuchepetsera ntchito: amangowerama n'kutola. Ku South Africa zambiri zimaferanso pa mipanda yamagetsi ya m'mafamu, chifukwa ikagundidwa ndi magetsi imadzipinda mozungulira waya womwewo. Ndipo msika wa ku Asia, utatha zakwawo, unatembenukira kuno. Mu April 2019 mokha, a kasitomu ku Singapore anagwira makontena awiri ochokera ku Nigeria opita ku Vietnam, muli mamba olemera matani oposa 25. Ambiri mwa mamba otere amachokera ku mitundu ya kumadzulo ndi pakati pa Africa, koma mphekesera ya mtengo wake inafika mpaka m'midzi mwathu, ndipo ndi imene imachititsa mlimi wosauka kusunga ngaka m'mgolo masiku angapo, ikufa ndi njala, iye akufunafuna wogula amene kawirikawiri amapezeka kuti ndi wapolisi.

Dziko linayankha. Mu 2016, pa msonkhano wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama zakutchire, ku Johannesburg, mayiko anagwirizana zoletsa malonda onse a ngaka a pakati pa mayiko, mitundu yonse 8. Kuno kwathu lamulo la 2017 linayamba kuluma, ndipo mu 2020 khoti ku Lilongwe linatumiza kundende anthu 9 a gulu limodzi lozembetsa mamba a ngaka, nyanga za chipembere ndi minyanga ya njovu. Loweruka lachitatu la February chaka chilichonse ndi tsiku lokumbukira ngaka padziko lonse. Zonsezi n'zoyenera, ndipo sindingachotsepo kanthu.

Nanga ngumbi zili pa sitepe iti? Palibe. Zili m'gulu lotchedwa Not Evaluated, kutanthauza kuti palibe anakhala pansi n'kuziunika. Anthu ambiri akamva kuti chamoyo chakuti sichili pa Red List amapumira m'mwamba, poganiza kuti ndiye kuti chili bwino. Kumeneko n'kulakwitsa kuwerenga. Mwana amene sanapite kusikelo sitinganene kuti akukula bwino chifukwa choti khadi lake lilibe mzere wotsika. Nyama zoyamwitsa, zimene zilipo mitundu yoposa 6,000, pafupifupi zonse zinaunikidwa, ndipo n'chifukwa chake tikudziwa kuti mtundu umodzi mwa inayi iliyonse uli pa chiopsezo. Tizilombo ta miyendo 6 timene tinapatsidwa mayina tilipo mitundu pafupifupi 1 miliyoni, koma younikidwa sinafike ndi 2 pa 100. Mwa yochepayo, pafupifupi theka ndi atombolombo, chifukwa ndi okongola, amauluka masana, ndipo ali ndi anthu owakonda amene anadzipereka kuwawerenga. Mphemvu ya pansi pa nthaka, yakhungu, yodya madenga a anthu, ndani angaipezere ndalama za kafukufuku?

Komanso muyezo weniweniwo unasokedwera nyama zazikulu. Umafunsa kuti zatsala zingati zotha kubereka. Kwa chipembere funsolo lili ndi yankho. Kwa chiswe, m'chulu chimodzi mutha kukhala miyoyo yoposa miliyoni, koma wobereka ndi manthu mmodzi ndi mwamuna wake. Mukaona mtambo wa ngumbi pa getsi la pa golosale mungati sizingathe, chonsecho mwina zonsezo zachokera pa zulu zitatu zimene zatsala m'dera lonselo.

Kuti tizilombo tikhoza kuchepa anthu osazindikira, zinaoneka ku Germany. Gulu la anthu okonda tizilombo a mumzinda wa Krefeld, ambiri mwa iwo osalipidwa, linkatchera misampha yofanana m'malo 63 otetezedwa n'kumayeza kulemera kwa zimene zakodwa. Zotsatira zake zitasindikizidwa mu 2017, zinaonetsa kuti pa zaka 27 tizilombo touluka tinachepa ndi 75 pa 100 n'kuposa. Sindikunena kuti ngumbi za ku Mchinji kapena ku Thyolo zatsika chimodzimodzi. Ndikunena kuti a ku Krefeld anadziwa chifukwa anayamba kuyeza mu 1989, zinthu zikuoneka ngati zili bwino.

Pali chinthu china chimene osamalira ngaka zolandidwa kwa opha nyama, monga a Lilongwe Wildlife Trust kuno kapena a Tikki Hywood Foundation ku Zimbabwe, amachidziwa bwino kuposa tonsefe. Ngaka simungaiikire chakudya m'mbale. Nyani wopulumutsidwa mumamupatsa nthochi, fisi mumamuponyera nyama, koma ngaka, ikangopezako mphamvu, pamafunika munthu woinyamula tsiku ndi tsiku kupita nayo kutchire, kuitsitsa pansi, n'kumaitsata pambuyo maola angapo ikufukula pano, kununkhiza apo, kukana chisa ichi, kuvomera icho. Imasankha. Pa mitundu yambirimbiri ya nyerere ndi chiswe imene ili m'tchire, imadya yowerengeka yokha, ndipo kafukufuku wa ku South Africa anaonetsa kuti gawo lalikulu la chakudya chake ndi nyerere, chiswe chimabwera pambuyo. Choncho sindinganame kuti mbale ya ngumbi imene mwadya yalanda ngaka chakudya. Mfundo yanga ndi yakuti nyama imene taiikira zaka 30 za ukaidi moyo wake wonse watsamira pa tizilombo timene palibe akutiyang'anira, ndipo nyererezo nazonso zambiri sizinaunikidwe. Titha kumanga onse ozembetsa, koma tikaibweza ngakayo m'tchire lopanda chakudya chake, ifa ndithu, mwakachetechete, popanda woimbidwa mlandu.

Kugwira ngumbi pakokha sindikuona kuti ndi kumene kuli vuto. Amene anakulira pafupi ndi chulu akudziwa mwambo wake. Chulu chili ndi mwini wake, ndipo kukatchera pa chulu cha eni ndi mlandu. Mvula yoyamba ikagwa, mwiniyo amalambula mbali imene timabowo tayamba kutseguka, amakumba kadzenje n'kuikamo mphika kapena ndowa, amazika timitengo n'kufolera ndi udzu kapena masamba, n'kusiya kampata kamodzi kolowera kuwala. Ngumbi zikamatuluka zimathamangira kuwalako n'kumagwera mumphikamo. Kunyumba amazikazinga popanda mafuta, pakuti zili ndi akeake, kuziyanika, kuzipeta m'lichero mapiko n'kumauluka, kuthira kamchere. Pa zonsezi manthu sakhudzidwa. Ngumbi zambiri zikanadyedwabe ndi mbalame, achule, abuluzi ndi mileme, ndipo mwini chulu amafuna chidzatulutsenso chaka chamawa, choncho amachisunga.

Chimene chimapha chulu ndi china. Ndi kuchikumba mpaka kutulutsa manthu pofuna kumanga nyumba kapena kukuza munda. Ndi kuthiramo mankhwala. Ndi kuchigumula kuti tiumbe njerwa, popeza dothi lake ndi lomata bwino, kenako n'kudula mitengo yozungulira kuti tiwotchere njerwa zomwezo. Ndi makala, ndi moto wolusa wa chaka ndi chaka umene umapsereza zinyalala zimene chiswe chikanadya. Ndipo apa pali chinthu chimene alimi ambiri anachiona okha: munda ukaseseka mbee, wopanda mapesi kapena udzu wowola, chiswe sichisamuka msanga, chimayamba kudya chimanga chili chiimire. Mlimi amene chimanga chake chagwetsedwa sabata ziwiri asanakolole, kapena amene bulugamu wake wadyedwa mizu, sindingamuuze kuti akonde chiswe. Mkwiyo wake ndi womveka. Koma mitundu yowononga mbewu ndi nyumba ndi yochepa poyerekeza ndi yonse, ndipo mankhwala sasankha.

Kwina anthu anachita kuchiitana chiswecho. Ku Burkina Faso, mlimi Yacouba Sawadogo, amene anamwalira mu 2023, anatchuka pobwezeretsa nthaka youma gwa pokumba maenje otchedwa zaï n'kuthiramo manyowa nthawi ya chilimwe. Manyowawo ankakopa chiswe, chiswe n'kuboola timisewu pansi, mvula ikabwera madzi n'kumalowa m'malo mothamanga pamwamba. Pamalo pamene panali chipululu panamera nkhalango, ndipo mu 2018 analandira mphoto ya Right Livelihood. Ku Kenya akatswiri anapeza kuti pafupi ndi zulu udzu ndi mitengo zimakula bwino ndipo tizilombo ndi abuluzi zimachuluka kuposa patali. Ife tomwe sitifunika kuuzidwa zimenezi ndi a ku yunivesite. Tonse tinaonapo mapira, maungu kapena fodya wobiriwira bii m'mphepete mwa chulu pomwe munda wonse wachita chikasu, ndipo alipo alimi amene amatapa dothi la pachulu n'kukamwaza m'munda wa mchenga.

Sindikupempha kuti ngumbi zilembedwe m'lamulo, Mulungu atithandize. Ndikupempha kalembera, ndipo ameneyu safuna ndalama za ku Switzerland. Brian Morris, amene anakhala zaka zambiri muno akufunsa anthu a m'midzi za nyama, bowa ndi tizilombo, anatulutsa buku lonse mu 2004, Insects and Human Life, lochokera pa zimene Amalawi wamba anamuuza. Nzeru zilipo kale, chimene chikusowa ndi kuzilemba chaka ndi chaka pamalo amodzimodzi. Mayi amene wakhala akutchera ngumbi kuyambira ali mtsikana akhoza kukuuzani popanda kuganiza kawiri kuti chulu chakuti chinafa chaka chimene anamanga tchalitchi, chakuti chinkadzaza ndowa ziwiri koma pano n'theka, chakuti chimatulutsa usiku, china madzulo. Ophunzira za ulimi ku Bunda ndi a sayansi ya zamoyo ku Zomba amafunika mitu ya kafukufuku chaka chilichonse, ndipo makalabu a zachilengedwe alipo m'sukulu zambiri za pulayimale ndi sekondale. Sukulu iliyonse itasankha dera lake, ana n'kuwerenga zulu zamoyo ndi zakufa mwezi wa December, kufunsa eni ake kuti chaka chino zatuluka ndowa zingati, n'kulemba m'kope limodzi losungidwa mu ofesi ya ahedi, pakutha pa zaka 10 tingakhale ndi chiwerengero chimene pakali pano palibe ali nacho. Kopelo alisunge m'bokosi lachitsulo, chifukwa eni nkhaniwo mapepala amadya.